Mfuti ya Paipi Pakhomo pa a Gibson

Zaka zija anthu othawa nkhondo atangobwerako ku Malawi, mjigo ukafa ku Mandimba amayi sankataya nthawi ndi kulozana zala. Ankangoti, "Kaitaneni a Gibson a mapaipi." Posakhalitsa mumaona munthu wamtali, wowonda, akubwera panjinga yopanda belu, masipanala atawamanga pakaliyala ndi mphira. Akafika sankafunsa zambiri. Ankagogoda paipi ndi sipanala, n'kutchera khutu, n'kunena pamene pali matenda.

Munthuyo sankaseka, sankakwiyanso. Mukamuyamikira ankati "chabwino," mukamunyoza ankatinso "chabwino." Amayi a pamjigo ankamunena ali pomwepo kuti a Gibson mutawatsina simungaone magazi, mungaone dzimbiri. Iwo ankamva n'kumapitiriza kumanga nati.

Sanabadwe otero. Kwawo kunali ku Ngauma, kwa alimi a fodya, ndipo amene anawadziwa ali mnyamata amati pa zikwati ankavina mpaka kung'amba malaya. Anakwatira a Felizarda, mkazi wa mawu ochepa ndi manja achangu, n'kubereka mwana wamwamuna, Samuele. Kenaka nkhondo inafika m'midzimo, n'kubwera ndi malamulo ake amene panalibe anawalengeza koma aliyense ankawadziwa. Anthu a mfuti akalowa m'mudzi ankasankha nyumba, n'kutsamiritsa mfuti zawo pakhoma pafupi ndi chitseko. Mayi wa pakhomopo sankadikira kuuzidwa. Ngati ali ndi mwana wamkazi ankamuponya m'nkhokwe n'kumukwirira ndi chimanga. Akatero ankagwira nkhuku, kuipha, kuiphika, n'kugwada ndi madzi osamba m'manja, maso ali pansi. Kuti alendowo ndi a mbali iti, limenelo silinali funso la munthu wofuna kuona mawa.

Tsiku lina mfuti zinatsamira pakhoma la a Gibson. A Felizarda anachita zonse mwa dongosolo lake, ndipo alendowo anadya n'kuyamikira mchere. Ponyamuka anatenga bambo ndi mwana kuti akawanyamulire katundu. Samuele, amene anali asanakwane n'komwe msinkhu wolima mzere wake, anamusenzetsa thumba la ufa. A Gibson anawasenzetsa mtolo wa mfuti zomangidwa ndi luzi ngati nkhuni. Anayenda masiku amene iwo sanawawerenge. Pena pake m'thengo mwanayo anakhala pansi, miyendo itatupa. Anthu a mfuti aja anauza a Gibson kuti aziyenda, asacheuke. Anayenda. Kumbuyo kunamveka kulira kumodzi kokha kwa mfuti, ndipo mtolo uja sunagwe pamutu pawo.

Atapeza mpata wothawa anabwerera okha. A Felizarda anafunsa kamodzi kokha, iwo anayankha kamodzi kokha, nkhani n'kuthera pomwepo. Anawoloka malire kulowa m'Malawi pamodzi ndi khamu la anthu, atatenganso Victor, mlongo wawo wamng'ono wa a Felizarda, amene panthawiyo anali kamwana ka mamina. Ku msasa wa othawa nkhondo a Gibson anayamba ndi kunyamulira mapaipi anthu okumba mijigo, mpaka ntchitoyo inawalowa m'manja. Komweko kunabadwa Prisca. Atamuika m'manja mwawo anamuyang'ana nthawi yaitali, akudikira kuti m'chifuwa muchitike kanthu. Simunachitike kanthu, ndipo anamubweza kwa amake bwinobwino.

Mtendere utabwera, a Felizarda sankafuna kubwerera. Mkulu wawo, a Perpétua, anali atakwatiwa tsidya lomwelo la Malawi kupitirira Chiponde, ndipo ankati pali malo. Pomaliza a Felizarda anavomera kubwerera, koma anaika mfundo zawo. Ku Ngauma ayi. Akhala ku Mandimba, kumene malire ndi oyenda pansi. Ndipo kuseri kwa chitseko kunakhala phukusi lomangidwa m'chitenje: bulangete, kampoto, mchere, machesi, zovala za Prisca zimene ankazisintha mwanayo akamakula.

"Bambo a Prisca, ndimvereni bwino," anatero tsiku lolowa m'nyumbamo. "Ndabwera. Koma tsiku limene ndidzaone mfuti pabwalo pano, ndapita. Musadzavutike n'kundinyengerera."

"Chabwino," anatero a Gibson.

Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo a Felizarda analisunga lawolo zaka ndithu. Koma nthawi imafewetsa ngakhale chikumba. Anayamba kuweta nkhuku. Anadzala mango kuseri kwa nyumba, mtengo umene munthu wapaulendo sadzala. Chaka chimene Prisca anayamba kutalika kuposa amake, mpoto wa kukhitchini unabooka, ndipo a Felizarda anamasula phukusi lija, kutulutsa kampoto kaja, n'kukaika pamoto. Sanakabwezeremo. A Gibson anaona. Sindinganene kuti anasangalala, chifukwa mawu amenewo ndi aakulu kwa iwo. Koma madzulo akamabwera kuntchito ankayamba ayang'ana ngati kampotoko kakadali pa thandala, ndipo akakaona ankatsika panjinga mosafulumira. Chuma chawo chonse padziko chinali chimenecho: mkazi amene wayamba kukhala.

Tsono Victor. Iyeyu anakula n'kukhala mnyamata wa mano panja, wa nzeru zothamanga kuposa miyendo. Za nkhondo ankakumbukira nyemba za ku msasa ndi mpira wa mapepala, basi. Anapita ku Cuamba, n'kupeza kachipinda pafupi ndi msika, n'kuikamo kanema wakale ndi kamakina ka masewera kamene ana ankakatcha jogo. Ana a sukulu ankadzazamo mpaka mpweya kutha.

A Gibson atapita ku Cuamba kukagula mphira za mijigo, Victor anawakokera m'kachipindamo.

"Alamu, khalani apa muone zinthu. Inu mwakalamba ndi kuyang'ana m'zitsime."

Pa kanemapo kamunthu kovala chipewa kankathamanga, katanyamula chimfuti chachikasu chotalika ngati iko komwe, chokhala ndi kukamwa kotambalala ngati lipenga. Chikalira chinkalavula mipira ya moto. Adani ankagwa n'kuzimiririka, osasiya mtembo. Kenaka kamunthu kaja nako kanaomberedwa n'kugwa chagada. Ana anakuwa. Mmodzi anadina batani, kamunthu kaja n'kudzuka, n'kuyambanso kuthamanga.

"Kadzuka?" anafunsa a Gibson.

"Kali ndi miyoyo yambiri, alamu! Kakafa mumangodina apa."

A Gibson anaonerera kakufa n'kudzuka, kakufa n'kudzuka. Sanamve chisoni, sanamvenso mkwiyo. Anangoona kuti waya wa kanemayo anamulumikiza molakwika.

"Ndikufuna mundipangire chimfuti chimenechi," anatero Victor. "Chachikulu, cha mapaipi. Ndichikoloweke pakhomopa, ana azijambulitsa nacho. Mnzanga wa kusiteshoni waika chithunzi chokha, ine ndimuposa. Koma chikhale chopepuka, alamu, choti mwana anyamule."

"Alongo ako ukuwadziwa."

"Aaa, n'chidole ichi! Chachikasu ngati nthochi. Ndipo mukapangira kumsika, achemwali achiona bwanji?"

A Gibson anaganiza pang'ono. Chinalidi chidole. Anati chabwino.

Anapita onse kusitolo ya a Bacar, mwenye wa zitsulo ayi, koma Myao wonenepa amene ankadziwa paipi iliyonse ya m'tauniyo ndi kumene inachokera. A Bacar anayala mitundu itatu pansi.

"Iyi yakudayi ndi ya m'dimba, yofewa. Yotchipa, koma ikaona dzuwa imapinda ngati mchira wa galu. Iyi yotuwayi ndi pulasitiki youma, ya madzi a m'nyumba. Imadulika ndi sowo wamba, mukaiwotcha pang'ono kumapeto imatambalala, lipenga lanu lija latuluka. Pa chidole, tengani imeneyi, mutseke maso. Iyi yachitsuloyi musaiyang'ane n'komwe, ndi ya mijigo."

"Yotuwayo," anatero Victor. "Tamangani."

A Gibson ananyamula yakuda ija n'kuiponya pansi. Ananyamula yotuwa, n'kuiyeza m'manja, kuikweza, kuitsitsa. Inali yabwino, yowongoka, yopanda mng'alu. Koma dzanja lawo linkaikana. Linkati ili ndi bodza. Anawerama n'kutola yachitsulo, yopyapyala ngati chala chachikulu, n'kuigoneka paphewa. Phewalo linailandira ngati mmene phazi limalandirira nsapato yakale.

"Iyi," anatero.

"Alamu, imeneyo ilemera!"

"Pulasitiki ana aithyola sabata yomweyo."

Chifukwacho chinali chomveka, ndipo iwo eni anachikhulupirira. A Bacar anakweza mapewa n'kudula. A Gibson anatengako kachidutswa ka yotuwa ija kuti akapangire kukamwa kwa lipenga, n'kukwera chapa, minibasi ya ku Mandimba.

Malo awo a ntchito anali pansi pa mtengo kumapeto kwa msika. Pamenepo anayamba kudula, kupala, kuwotcherera kwa mnzawo wa makasu. Mutu wawo unkadziwa chimene akupanga: chimfuti chachikasu cha kamunthu kosafa. Koma madzi saiwala khwawa. Anafupikitsa paipi chifukwa inkaoneka yaitali mopusa. Anaikanso ina yaifupi pamwamba pake chifukwa popanda imeneyo panali pamaliseche. Kumbuyo anasema thabwa la mbawa, n'kulipala mpaka linakhala bwino m'khwapa. Pansi anapinda lata n'kupanga kabokosi kokhota ngati nyanga, chifukwa pamenepo pamakhala kabokosi kotero, aliyense amadziwa. Chinthucho chikapepuka mbali ina ankachiwonjezera, mpaka dzanja linati eya, ndi chimenechi. Kachidutswa ka pulasitiki kaja kanakhala m'thumba la zida, ankati adzakaika pomaliza.

Anthu achikulire odutsa pamenepo ankasiya nkhani pakati n'kulambalala. A Gibson sanazindikire, poti anthu kusiya kuwayankhula sichinali chachilendo. Chitsulo chimachita dzimbiri, choncho anachipaka kaye penti wakuda wa mijigo, woteteza, kuti wachikasu adzabwere pamwamba. Atamaliza anachitengera kwa a Norberto a golosale, kumene ankasungitsa zida zawo. A Norberto atachiona anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda matumba a shuga.

"A Gibson, chimenecho m'sitolo mwanga muno ayi. Zida zanu siyani, koma icho pitani nacho."

"N'chidole cha ana."

"Ana a ndani? Pitani nacho, chonde."

Munthu wamoyo akanamva pamenepo. Koma a Gibson anali ngati dzanja logonera, loti mungalibaye ndi singano mwini wake akuyang'ana kwina. Anaganiza za penti yekha, kuti ndi wamuwisi ndipo m'thumba amatirira. Linali dzuwa la masana, a Felizarda anali kumunda, Prisca kusukulu. Anati akachiyanike kunyumba kanthawi kochepa, athamangire penti wachikasu, abwere achipake, achikulunge, chipite ku Cuamba pa chapa ya mawa. Atafika pakhomo anayang'ana pamene pali dzuwa labwino. Linali pakhoma, pafupi ndi chitseko. Anachitsamiritsa pamenepo n'kukwera njinga.

Penti anamupeza. Pobwerera amayi a pamjigo wa kutchalitchi anawaimitsa, akuti chogwirira chikungolira osakoka madzi. Ntchito imene ankayesa ya kanthawi inawadyera masana onse.

Chimene anayamba kuona pofika ndi nthenga. Zinali mbwee pabwalo, zofiira, za nkhuku yaikazi ija imene a Felizarda ankaikonda kuposa zonse, imene inali itangoyamba kukhalira mazira. Khasu linali litagwa pakati pa njira, mabuku a Prisca ali pambali pake. Pamoto panali kampoto kaja. Ndipo patsogolo pa chitseko, moyang'anana ndi chinthu chija, a Felizarda anali atagwada, beseni la madzi lili m'manja, mutu uli pansi.

"Mayi a Prisca."

Sanadzutse mutu. "Ndiwo zapsa, bwana," anatero ndi mawu aang'ono amene a Gibson anali atawamva kamodzi kokha, kalekale. "Sambani m'manja. Tilibe ana pano. Tili awiri okha ndi amuna anga."

"Mayi a Prisca, ndine. Kulibe munthu. N'chidole cha Victor, ndapanga ndine. Ndi mapaipi."

Anachinyamula kuti awaonetse kuti n'chogontha, chopanda poombera. Atachigwira m'manja, a Felizarda anadzipinda n'kugwetsa beseni, manja n'kuphimba mutu. Apo m'pamene a Gibson anachiyang'ana koyamba ndi maso, osati ndi manja. Panalibe lipenga, panalibe chikasu. Chinali chimodzi mwa za mu mtolo uja, chosasowa kanthu. Anachiponya kuseri kwa nyumba.

"Prisca ali kuti?"

Koma ankadziwa kale. Anakwera pankhokwe n'kuyamba kufukula chimanga. Mwanayo anali pansi penipeni, atadzipinda, yunifolomu ili mbuu ndi fumbi, anankafumbwe akumuyenda m'tsitsi. Anali atadziluma dzanja kuti asatsokomole. Prisca anabadwira ku msasa, mfuti sanaimvepo ikulira. Koma anayang'ana bambo ake ndi maso a ana a ku Ngauma, n'kunong'oneza kuti, "Apita?"

A Felizarda anakhala pansi nthawi yaitali. Atadzuka sanalalate, sanalire. Anakhuthula nkhuku ija m'mbale, n'kutsuka kampoto ndi mchenga mpaka kuwala, n'kulowa nako m'nyumba. A Gibson anaima pakhomo akumva mfundo ya chitenje ikumangidwa.

"Ndamva kuti ndi mapaipi," anatero a Felizarda potuluka. "Sindikukutsutsani. Koma miyendo yangayi siikumva. Ndimayesa zinatsala m'thengo muja, bambo a Prisca. Sindimadziwa kuti munabwera nazo m'manja."

A Gibson anafunafuna mawu. Amene anapezeka ndi omwe aja a masiku onse, ndipo kwa nthawi yoyamba anachita nawo manyazi, osawatchula. Anangotenga phukusilo n'kulimanga pakaliyala, pamalo a masipanala. Anakankha njinga, mkazi ndi mwana akuyenda patsogolo, mpaka kumalire. Dzuwa linali lisanalowe pamene ankabwerera okha.

Nkhuku ija inali pomwe anaisiya, nyerere zitayamba kale. Anakhala pakhonde kudikira kulira. Anadikira ngati munthu wopopa mjigo wotha mphira, amene amamva kuti madzi alipo pansipo koma chogwirira chikungokwera chopanda kanthu. Sikunabwere.

M'mawa mwake anatenga chinthu chija n'kukachiponya m'chitsime chakufa cha kumunda wa thonje wakale. Anapita ku Cuamba n'kugula paipi yotuwa, ya pulasitiki youma, monga ananenera a Bacar. Anapangira komweko, pakhonde la Victor, akuyang'ana pa kanema kuti manja asasochere. Chinatuluka chachitali mopusa, chopepuka ngati phesi, kukamwa kuli yasa, chachikasu ngati nthochi yakupsa. Ana anachilandira ndi mfuu. Victor, atamva zimene zinachitika, sanathe kuwayang'ana kumaso alamu ake, koma chidolecho anachikoloweka ndithu, ndipo chinakhala pamenepo zaka zambiri osathyoka.

A Gibson akadali ku Mandimba, akukonzabe mijigo. Mango aja anayamba kubereka, ndipo iwo amatchola n'kuika m'thumba pamodzi ndi ufa. Loweruka lililonse amakwera njinga kuwoloka malire, kupita kwa a Perpétua kumene a Felizarda anamanga kanyumba kawo. A Felizarda samawabweza. Amawalandira bwino kwambiri, moti anansi amati mkazi waulemu chonchi sanamuonepo.

Njinga ikangotsamira pakhoma, a Felizarda sadikira kuuzidwa. Amagwira nkhuku, kuipha, kuiphika, n'kubwera ndi beseni la madzi. Amagwada patsogolo pa amuna awo, maso ali pansi, mpaka iwo atamaliza kusamba m'manja.